Mizere ya twill ikamaduka: mavuto a ma heddle awiri ndi atatu

Chowombera nsalu cha rigid heddle anachipangira ntchito imodzi: ulusi uwu pamwamba, wotsatira pansi, kenaka asinthane. Heddle yake ndi thabwa limodzi la mabowo ndi mipata, bowo, mpata, bowo, mpata mpaka kumapeto, ndipo imadziwa kukwera ndi kutsika basi. Twill, nsalu ya mizere yopendekeka imene mumaiona pa jinzi ndi pa khaki wa yunifomu, singatuluke pa magulu awiri a ulusi. Imafuna magulu atatu kapena kuposa, chifukwa malo amene ulusi wopingasa ukudumpha ayenera kusendera ndi ulusi umodzi nthawi iliyonse shuttle, kathabwa konyamula ulusi wopingasawo, ikadutsa. N'chifukwa chake timawonjezera heddle yachiwiri, ena mpaka yachitatu. Nsalu imatuluka ndithu, yofewa, yogwa bwino m'thupi, koma mavuto ake ndi omwewomwewo kwa aliyense, ndipo ambiri gwero lake ndi limodzi.

Ma heddle awiri amapereka magulu atatu a ulusi, atatu amapereka magulu anayi. Gulu lowonjezeralo ndi ulusi umene sulowa m'bowo lina lililonse, umangodutsa m'mipata kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Palibe heddle younyamula, palibe youtsitsa. Anzake akatsika umaoneka ngati wakwera, anzake akakwera umaoneka ngati watsika, chonsecho wokha sunasunthe. Ine ndimangoutcha ulusi wamasiye.

Tigwirizane kaye mayina kuti tisasokonezane. Heddle 1 ndi imene ili pafupi ndi inu, yomwenso mumatsenderera ulusi wopingasa. Heddle 2 ili kuseri kwake, heddle 3 kumbuyo kwenikweni. Ulusi 1 ndi wolowa m'bowo la heddle 1, ulusi 2 m'bowo la heddle 2, ulusi 3 m'bowo la heddle 3, ndipo ulusi 4 ndi wamasiye uja. Pa ma heddle awiri wamasiye ndi ulusi 3. Twill ya 2/2, ya awiri pamwamba awiri pansi, imayenda masitepe anayi: heddle 1 ndi 2 m'mwamba, heddle 2 ndi 3 m'mwamba, heddle 1 ndi 2 pansi, heddle 2 ndi 3 pansi. Pa ma heddle awiri masitepe ndi atatu: heddle 1 m'mwamba, heddle 2 m'mwamba, onse awiri pansi. Heddle imene sinatchulidwe pa sitepe imakhala pakati, yosakwera yosatsika.

Njira ya shuttle yakana kutseguka

Dandaulo loyamba la aliyense ndi limeneli, ndipo dzanja limathamangira kukunga ulusi wonse mpaka chowombera chilire. Dikirani kaye. Kwezani heddle 1 yokha, muyang'ane cham'mbali. Pa ma heddle atatu payenera kukwera ulusi umodzi pa maulusi anayi alionse, motalikirana mofanana kuchokera mbali ina kufika inzake. Ibwezereni pakati, mukweze heddle 2 yokha, kenaka heddle 3. Pomaliza tsitsani onse atatu, pamwamba patsale amasiye okhaokha. Pa mayeso anayi amenewa vuto limadziulula lokha.

Ngati mukukweza heddle imodzi inzake n'kumatsatira, kapena ikumangika mbali imodzi, pali ulusi umene walowa m'mabowo awiri. Ulusi umodzi umaloledwa bowo limodzi, kupitirira apo wamanga ma heddle awiri pamodzi. Cholakwachi chimakonda pa heddle 1, chifukwa pofika pamenepo maulusi atatu akutuluka mumpata umodzi wa heddle 2, ndipo umodzi mwa iwo ndi ulusi 3, umene uli kale ndi bowo lake kumbuyo. Maso akatopa onse atatu amafanana. Malowedwe ake ali chonchi. Pa heddle 3, mpata uliwonse muli maulusi atatu, m'bowo umodzi. Pobwera ku heddle 2, ulusi wochokera m'bowo pamodzi ndi awiri oyandikana nawo a mumpata alowe mumpata umodzi, wachitatuyo m'bowo. Ku heddle 1 chimodzimodzi, wochokera m'bowo la heddle 2 ndi awiri oyandikana nawo mumpata, wotsalayo m'bowo. Musanaulowetse wotsalayo, utsatireni ndi chala kubwerera kumbuyo, mutsimikize kuti wadutsa m'mipata yokhayokha. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, yalani ulusi wa mitundu inayi, gulu lililonse mtundu wake. Nsaluyo idzatuluka yamawangamawanga, mwina yosakongola, koma ulusi wolowa polakwika mudzauona muli chiimire.

Mwina heddle iliyonse ikukwera yokha bwinobwino, koma pamalo amodzi maulusi agwirana pakati pa njira. Suzumirani pakati pa ma heddle. Maulusi ayenera kuyenda mondondozana, wa kumanja akhalebe kumanja kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Mukapeza awiri apingasana, umodzi unalowa mumpata wa mbali yolakwika ya bowo, kapena unapotana ndi mnzake pamene mumaukoka. Apa palibe chidule. Masulani mfundo ya kutsogolo, sololani maulusiwo, muwabwezere m'malo mwake. Mfundo za kutsogolo muzimanga zosavuta kumasula kufikira mayeso anayi aja atatheka onse.

Tsopano tinene kuti malowedwe ali bwino, sitepe 1 ndi 2 zikutseguka, koma pa sitepe 3 ndi 4, pamene ma heddle ali pansi, ulusi wapamwamba ukulendewera ndipo shuttle ikuukola. Ndi wamasiye ameneyo. Anzake heddle ikawakoka amakungika, iwo kukungika kwake ndi komwe kuja munaupatsa pokulunga pa mtanda wakumbuyo, ndipo nsalu ikamatalika umakhweperakhwepera. Pezani kathabwa kopyapyala kosalala, kotalikirapo kuposa mulifupi mwa ulusi wanu. Pa nsalu yopapatiza rula ya matabwa imakwana, bola muipale m'mbali isakande ulusi. Tsitsani ma heddle onse, ndipo kuseri kwa heddle yomaliza lowetsani kathabwako pansi pa amasiye, mukakankhire kumbuyo mpaka kakatsamire pa mtanda. Kakakhala pamenepo kamakunga amasiye okha, ena onse osawakhudza. Pa sitepe 3 ndi 4 kakokereni pafupi ndi heddle, mukaimike chambali, muona njira ikutseguka ndithu. Pa sitepe 1 ndi 2 kagonekeni ndi kukabwezera kumbuyo, apo ayi kanyamula ulusi umene uyenera kukhala pansi. Mangani kachingwe kuchokera nsonga ina ya kathabwako kufika inzake, kudutsa pamwamba pa ulusi, kuti kasapulumuke mukamasuntha chowombera. Pa zonse zimene zalembedwa muno, kathabwa aka ndi kamene ine sindingawombe twill popanda iko.

Palinso heddle ya pakati ija, imene sinatchulidwe pa sitepe. Chowombera cha Schacht Flip chimabwera ndi malo opachika heddle yachiwiri, cha Kromski Harp ndi zowombera zakale za Ashford zimafuna kuti mugule timatabwa towonjezera, koma heddle yachitatu kawirikawiri imangolendewera pa ulusi wake womwe. Pa sitepe 4 ulusi 1 uyenera kukhala pamwamba, koma heddle 1 ikapanda popachika kulemera kwake kumautsitsa, njira n'kuphwa. Inyamuleni pang'ono ndi dzanja limene silinagwire shuttle. Heddle yopanda popachika ikayenera kukwera, igwireni limodzi ndi inzake, kapena muikire timatabwa tiwiri m'mbali poti ikhalepo. Ma heddle onse akhale a kampani imodzi ndi a nambala imodzi. Mwa zina, Ashford ili ndi ma heddle a mabowo ndi mipata 7.5, 10 ndi 12.5 pa inchi, pomwe Schacht ndi Kromski ali ndi 8, 10 ndi 12, ndipo mukaphatikiza 12 ndi 12.5 mabowo amayamba molingana pakati koma pofika m'mbali asemphana, maulusi n'kumayenda mokhota.

Heddle 3 ili kutali ndi pamene nsalu yalekezera, choncho njira imene imatsegula pofika kutsogolo imakhala yaphwa kale. Musalole nsalu iyandikire ma heddle. Mukawomba masentimita 4 kapena 5, kulungani, mukungenso. Shuttle ikhale yopyapyala, ulusi muukulunge m'mbali mwake osati kuuunjika pamimba, ndipo muziidutsitsa mokhudza heddle 1, pamene njira ili yotakasuka. Ikakanikabe, lowetsani kathabwa kachiwiri m'njiramo kutsogolo kwa heddle 1, mukaimike, mudutsitse shuttle, mukachotse. Kumachedwetsa, koma kusiyana n'kumasula. Dziwaninso kuti kumapeto kwa ulusi ma heddle atatu amadya malo ambiri, njira imafa msanga, ndiye poyala onjezerani masentimita 20 kapena kuposa pa utali umene mumasiya masiku onse.

Chotsala ndi ulusi womwewo. Mumpata umodzi muli maulusi atatu amene ayenera kupitirirana, wina kukwera wina kutsika. Musanayale, lowetsani tizidutswa titatu mumpata, mugwire tiwiri, kachitatu mukakweze ndi kukatsitsa. Kakamakoka tinzake, ulusiwo wanenepera heddle imeneyo. Mohair, ulusi wa ubweya wa mbuzi za angora, ndi ulusi wina uliwonse waubweyaubweya umagwirana ngakhale uli wowonda. Ulusi wa acrylic wolukira majuzi, umene sitivutika kuupeza m'misika, umatamuka ndiponso umamatirira, ndiye ngati ndi umene muli nawo, usungireni wopingasa. Wa m'litali ukhale thonje losalala lopotedwa bwino, ngakhale uja wolukira nsalu za patebulo. Ngati ulusi womatirira uli kale pa chowombera, mukasintha sitepe kwapulani maulusi ndi zala kuseri kwa ma heddle kuti alekane musanaponye shuttle.

Mzere wopendekeka waduka

Musanamasule chilichonse, onani kumene cholakwacho chalowera. Chikamayenda m'litali mwa nsalu, pamalo amodzimodzi kuyambira pamene munayambira, vuto lili m'malowedwe, maulusi awiri asinthana malo kapena gulu lina mwalidumpha. Chikadula nsalu yonse kuchokera mbali ina kufika inzake, mwaphonya sitepe kapena mwaibwereza. Kakakhala kaulusi kamodzi kodumpha apa, kena uko, popanda ndondomeko, shuttle inakola wamasiye wolendewera, ndipo mankhwala ake ndi kathabwa kaja.

Sitepe yophonyeka imakonzedwa ndi kumasula, mzere umodziumodzi, mukutsegula masitepe chobwerera m'mbuyo. Kupewa kwake n'kosavuta pa ma heddle atatu, chifukwa shuttle imakuuzani theka la yankho. Ngati sitepe 1 mumaiyambira kumanja, ndiye kuti shuttle ikakhala kumanja sitepe yotsatira ndi 1 kapena 3, ikakhala kumanzere ndi 2 kapena 4. Pa ma heddle awiri chizindikirochi sichigwira, masitepe ndi atatu mbali ndi ziwiri, zimadzakumananso pakatha mizere isanu ndi umodzi. Lembani masitepe pa katepi, mumate pa mtanda wakutsogolo, ndipo chopanira zovala chizisendera pa sitepe imene mwamaliza. Foni ikalira kapena mwana akaitana, malizani kaye sitepe yomaliza ya ndondomeko musananyamuke.

Cholakwa cha m'malowedwe mukachiona mutawomba kale kutali, simufunika kudula nsalu yonse. Dulani maulusi olakwikawo mkati mwa nsalu yowombedwa kale, masentimita 5 kapena 6 kuchokera pamene yalekezera, muwasolole ndi singano kuti mukhale ndi michira, muwatulutse m'ma heddle ndi kuwalowetsa moyenera. Bayani pini pa nsalu molunjika pamalopo, muzengereze michirayo pa pini mokungika ngati anzake, mupitirize kuwomba. Mpata umene watsala mudzausokerera ndi singano yobuntha nsalu ikatsika.

Muzisuzumiranso kunsi. Kudumpha kwambiri kumabisala kumeneko, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Kagalasi kapena kamera ya foni, mukamaliza masentimita angapo, n'zokwanira. Kaulusi kodumpha kamene mwakapeza mochedwa kasiyeni mpaka nsalu itsike. Musanachape, tengani ulusi womwewo pa singano yobuntha, muudutsitse mmene wolakwawo unayenera kudutsa, kuyambira masentimita 2 kapena 3 cholakwa chisanayambe mpaka 2 kapena 3 chitatha. Wolakwawo ndi michira mudzadule nsalu itachapidwa ndi kuuma.

M'mphepete mukulendewera

Pa nsalu wamba ulusi wa kumapeto umasintha nthawi iliyonse, pamwamba, pansi, pamwamba, choncho wopingasa ukamatembenuka umaukola nthawi zonse. Pa twill ulusi umakhala pamwamba kapena pansi kawiri motsatizana. Shuttle ikatembenukira pa nthawi imeneyo, wopingasa umatuluka mmene unalowera, osakola kanthu, ndipo ulusi wa kumapeto umatsala ukuyenda wokha kunja kwa nsalu.

Pa twill ya 2/2 yoyenda mbali imodzi vutoli limatha popanda kuwonjezera chilichonse, bola malowedwe ayambe ndi ulusi 1 mbali ina, athe ndi ulusi 4 mbali inayo. Ulusi 1 umasintha pakati pa sitepe 1 ndi 2, komanso pakati pa 3 ndi 4. Ulusi 4 umasintha pakati pa 2 ndi 3, komanso pochoka pa 4 kubwerera pa 1. Choncho pa sitepe 1 shuttle ilowere mbali ya ulusi 4, itulukire mbali ya ulusi 1, ndipo kutembenuka kulikonse kudzagwera pamene ulusi wa kumapeto ukusintha. Mukaona mbali zonse ziwiri zikuphonya, mwayambira kolakwika. Dulani wopingasa, muyambire mbali inayo. Mukaona mbali imodzi ikukola inayo ikuphonya, malowedwe anu sanathe ndi ulusi woyenera, chotsani umodzi wa kumapeto mbali yophonyayo.

Mwayi umenewu umatha mukangotembenuza masitepe kuti mizere ikhale yokhotakhota. Pa ma heddle awiri ndiye kulibiretu, chifukwa cha masitepe atatu aja. Kaya muyambira kumanja kaya kumanzere, mbali iliyonse imaphonya kamodzi pa kutembenuka kutatu kulikonse. Apa pamafunika ulusi woyandama m'mphepete, umodzi mbali iliyonse, wodutsa mumpata wakewake kunja kwa maulusi onse, wosalowa m'bowo. Polowa shuttle idutse pamwamba pake, potuluka idutse pansi pa wa mbali inayo, nthawi zonse, osaganizira kuti sitepe ndi iti. Chenjezo lake ndi ili: pa chowombera cha rigid heddle ulusi umenewu suima pakati pa njira. Nawonso ndi wamasiye, ma heddle akakwera umagona ndi apansi, akatsika umatsala ndi apamwamba. Ndiye chala chiziutsitsa kapena kuunyamula pamanja, ndipo musauike pa kathabwa ka amasiye enawo. Musaukulungenso pa mtanda pamodzi ndi anzake. Umayenda mowongoka, sudya utali ngati iwo, ndipo ukhwepa msanga. Ulendewere kuseri kwa mtanda wakumbuyo, muumangirire kabotolo ka mankhwala koikamo makobidi kapena timiyala, muonjezere mpaka ukungike ngati oyandikana nawo.

Vuto lina la m'mphepete ndi nsalu kumaphwa m'lifupi. Twill imalowa mkati kuposa nsalu wamba, chifukwa wopingasa sapingasana kawirikawiri ndi wa m'litali, choncho maulusi amaunjikana mosavuta. Nsalu ikachepa kwambiri poyerekeza ndi mulifupi mwake mu heddle, maulusi a kumapeto amayenda mopendama, heddle imawakhula potsendera, amayamba kutuwa ndi kunyenyeka, mapeto ake amaduka. Wopingasa musamugoneke mowongoka m'njira. Mukolereni bwino pa ulusi wa kumapeto kumene walowera, mbali inayo mumusiye atakwera chopendekeka kulowera ku heddle, osamukoka, kenaka mutsendere. Utali wowonjezerawo ndi umene amadya pokwera ndi kutsika pakati pa maulusi.

Nsalu yauma gwa, kapena yachita lobodo

Apa pali masamu amene ambiri amawadumpha. Pa heddle imodzi, nambala yolembedwa pa heddle ndi chiwerengero cha maulusi pa inchi. Pa ma heddle awiri, bowo limodzi ndi mpata umodzi zimanyamula maulusi atatu m'malo mwa awiri, choncho heddle ya 10 imapereka maulusi 15 pa inchi, ya 8 imapereka 12. Pa ma heddle atatu ndi maulusi anayi, chiwerengero chimawirikiza, ya 10 imapereka 20, ya 12 imapereka 24, ya 5 imapereka 10. Munthu amene watenga ulusi umene amawombera pa heddle ya 10 masiku onse n'kuuyala pa ma heddle atatu a 10 asadabwe njira ikamatirira ndipo nsalu ikauma.

Kuti mudziwe chimene ulusi wanu ukufuna, ukulungeni pa rula mpaka inchi imodzi idzaze, osaukunga, osasiya mipata, muwerenge. Theka la chiwerengerocho ndi la nsalu wamba, magawo awiri mwa atatu ndi a twill. Ulusi wozungulira ka 24 umafuna 12 pa nsalu wamba ndi 16 pa twill, ndiye kuti ma heddle atatu a 8, kapena awiri a 10 amene amapereka 15. Thonje la 8/2 (nambala ya kukula kwa ulusi), lokondedwa pa timatawulo ta kukhitchini, limakhala bwino pa twill pafupifupi 24 pa inchi, ndiye ma heddle atatu a 12 kapena 12.5. Ngati ma heddle amene muli nawo akuthithikitsa kwambiri, dumphani bowo limodzi pa awiri alionse, maulusi atatu a m'mipata muwagawe awiri ndi umodzi, chiwerengero chibwerera pa nambala yolembedwa pa heddle.

Masamuwa amasintha mukasintha malowedwe. Malowedwe obwerera, 1, 2, 3, 4, 3, 2, amene amatulutsa timaso ndi mizere yokhotakhota m'lifupi, ali ndi maulusi 6 ndipo amadya mabowo awiri ndi mipata iwiri. Pa heddle 2 ndi 3 mabowo onse awiri amadzaza, pa heddle 1 limodzi limatsala lopanda kanthu. Heddle ya 10 pamenepa ikupereka 15, osati 20. Ulusi umene unatuluka bwino pa malowedwe owongoka utuluka wa lobodo pa ma heddle omwewo. Malowedwe otere ajambuleni kaye pa pepala la timabokosi, heddle iliyonse mzere wake, musanagwire ulusi.

Masamu akakhala bwino, chotsala ndi dzanja. Twill imalola wopingasa kutsikira pansi mosavuta, ndiye dzanja lozolowera kukhoma nsalu wamba limapitiriza muyeso. Tsenderani ndi heddle 1 yokha, manja onse awiri motalikirana mofanana ndi pakati, mungomufikitsa wopingasa pamalo pake osamukhoma. Cholinga ndi chakuti mizere ya wopingasa pa inchi ifanane ndi maulusi a m'litali pa inchi. Dulani kapepala ka mbali zinayi zofanana, mukapinde kuchokera ngodya ina kufika yopenyana nayo, mukhala ndi madigiri 45 oyezera. Mizere ikagona kuposa pamenepo mukukhoma kwambiri, kapena wopingasa ndi wowonda, kapena maulusi a m'litali atalikirana. Ikaima kwambiri, wopingasa ndi wonenepa kapena a m'litali athithikana. Ili pa chowombera nsalu imakhala yokokeka m'litali, choncho mizere ioneke yoimirirapo pang'ono, idzagona yokha ikatsika. Poyeza khwefulani kaye ulusi.

Mipendero, kupindika ndi mizere ya mipata

Pa ma heddle atatu nsalu wamba ya mpendero imatheka: heddle 1 ndi 3 m'mwamba, kenaka heddle 1 ndi 3 pansi. Imatuluka yotambasuka kuposa twill, mpendero n'kuchita mapiko. Wombani gawo limenelo ndi wopingasa wowonda kwambiri, ngakhale ulusi wosokera zovala. Pa ma heddle awiri a malowedwe 1, 2, 3 nsalu wamba yeniyeni sitheka, musavutike kuifufuza, mpendero ukhale wa twill yomweyo.

Twill ya ma heddle awiri mbali zake n'zosiyana, kwina kwachuluka wopingasa, kwina wa m'litali, choncho imakonda kupindika m'mphepete. Twill iliyonse yoyenda mbali imodzi imathanso kupotoka ikachapidwa. Munaona buluku la jinzi limene msoko wake wa m'mbali wazungulira n'kufika kutsogolo kwa mwendo, chifukwa chake ndi chimenechi, pakuti jinzi ndi twill ya 3/1, ya atatu pamwamba umodzi pansi. Kampani ya Wrangler inayamba kugwiritsa ntchito twill yoduladula mu 1964 pothana ndi vuto lomweli. Pa ma heddle atatu mukhoza kuchita chimodzimodzi osasintha malowedwe, mungosinthanitsa masitepe awiri omaliza: 1, 2, 4, 3. Mizere yaitali yopendekeka simudzaiona, koma nsalu imagona mowongoka.

Nsalu ikangotsika mudzaona maulusi ali m'magulumagulu, atatu pamodzi, kampata, umodzi wokha, kampata, mizere yoyera ikuyenda m'litali monse. Chimenechi ndi chidindo cha heddle 1, mmene atatu anapanikizana mumpata umodzi. Musaiweruze nsalu isanalowe m'madzi. Mangani kapena sokani kumapeto kwake, muiviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono. Ya thonje muichape mwamphamvu mmene idzachapidwire masiku onse, ya ubweya wa nkhosa muifinye pang'onopang'ono osaipotokola, ndipo musaichotse m'madzi otentha n'kuiponya m'ozizira. Maulusi amafufuma, amasendera, mipata imatsekeka. Isiteni ikadali yachinyezi. Acrylic safufuma m'madzi ngati thonje ndi ubweya, choncho pa iyeyu mizere ina imatsala, ndipo simbi yotentha imamusungunula, muike nsalu yonyowa pamwamba. Yezani utali ndi mulifupi musanachape ndi mutachapa, mulembe pamodzi ndi nambala ya heddle ndi mtundu wa ulusi. Twill ya thonje imabwerera kwambiri pa kuchapa koyamba, ndipo manambala amenewo ndi amene mudzawerengere poyala nsalu yotsatira.